Chitini Chimene Sindinatsegule

Ku Halale ananditengera ndi alamu anga a Gelevaziyo, achimwene ake a mkazi wanga Agata. Ine ndinali mkamwini wamba m'mudzi mwawo, kuseri kwa Bembeke, munthu wa khasu wodziwa kachewere ndi nyemba basi. Iwo anali atakhala kunjako zaka zambiri, akugwira ntchito ya umakaniko pa galaja ya mzungu wina. Chaka china atabwera kudzaona abale, anandipeza ndikupalira m'dimba la apongozi, kabudula wanga atang'ambika pamalo posayenera. Anaseka mpaka kutsamira mtengo wa pichesi.

"Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani kuti mudzi wonse uzionera nawo zimenezi? Tiyeni mukasese galaja, mwina mungagule buluku."

Ndinawayankha kuti mphepo ya ku Dedza nayonso imafuna polowera. Umu ndi momwe tinkakhalira: iwo akaponya mawu, ine ndibweze. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri, komanso ndiwo anali mwini mbumba ya kwa mkazi wanga, koma chilamu chinkatilola kuserewulana. Vuto langa linali lakuti ine nthabwalazo ndinkazisunga kumtima. Nthawi zonse mawu omaliza ankakhala awo, ndipo ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti ndidzawagonjetse.

Tinadutsa malire pafupi ndi boma la Dedza n'kukwera lole ya ku Tete. Munthu wobadwira m'nkhungu ngati ine, kutentha kwa kumeneko kunandigwetsa ulesi, ndipo powoloka Zambezi pa pantoni ndinatseka maso n'kuyamba kolona. Alamu anauza anthu onse pa pantonipo kuti akupita nane kukandigulitsa koma akukayika ngati apeze wogula.

Ku Halale tinkakhala m'chipinda chimodzi ku komboni, iwo pabedi, ine pamphasa. Ntchito yanga inali kusesa, kutsuka zitsulo m'parafini ndi kugubuduza matayala. Chilapalapa, chinenero chomwe azungu ankalankhulira ndi antchito, ndinachiphunzira mwa kukalipiridwa. Buluku ndinagula, ndipo bulangeti ndi nsalu ya Agata ndinapatsira munthu wa ku Mayani yemwe ankabwerera kumudzi. Alamu ankandidyetsa ndisanalandire kanthu, ndipo nditadwala malungo ndiwo anandibereka kumsana kukafika nane kuchipatala, akudandaula njira yonse kuti kachewere amalemeretsa munthu.

Mwini galaja tinkamutcha Mfulumize, chifukwa ngakhale poitanitsa tiyi ankachita ngati nyumba ikupsa. Mkati mwa sabata tinkakonza magalimoto a anthu, koma mtima wake wonse unali pa kagalimoto kake kobiriwira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kotsika ngati kakununkhiza pansi. Loweruka lina lililonse ankapita nako kunja kwa tauni, kubwalo la phula lozungulira, kukathamangitsana ndi anzake. Ine ndinkaona ngati misala: munthu kuwotcha petulo tsiku lonse kuti akafike pomwe wachokera. Koma ndikamva kulira kwa injini ija, nanenso ndinkaimirira ndi zala.

Kagalimotoko kanali ndi liwiro koma mabuleki ake ankagonja msanga. Maulendo oyamba ozungulira bwalo kankaima bwinobwino, koma kakatentha, bwana ankayamba kuponda buleki akadali kutali ndi kona, anzake n'kumamudutsa. Ankabwerako atafiira ngati tomato, akutukwana aliyense mpaka galu wa mlonda.

Alamu sankanjenjemera naye. Tsiku lina anamudikira kuti mpweya umuthere, kenaka anati, "Bwana, ndiuzeni chinthu chimodzi. Mukaponda, chopondera chimalimba koma galimoto osaima, kapena chimamira mpaka pansi?"

Bwana anaganiza kaye. Anati chimalimba ngati mwala, koma galimoto imangopitirira.

"Ndiye vuto si mafuta. Mapadi akupsa."

Anachotsa tayala lakutsogolo n'kundionetsa. Mapadi ndi tizidutswa tiwiri tomwe timapana chitsulo chozungulira chotchedwa disiki kuti tayala liime. Tomwe tinali pamenepo tinali titasalala n'kumanyezimira ngati mbale yotsuka, tikununkha chiwaule, ndipo disikiyo inali itasanduka yabuluu ndi moto. Alamu anandiuza kuti matenda a mabuleki ndi awiri, ndipo makaniko wosafunsa funso lija amapereka mankhwala a m'mimba kwa wodwala dzino. Chopondera chikalimba, ndiye kuti mapadi atopa ndi kutentha. Chikamira, ndiye kuti m'mapaipi muli mpweya kapena mafuta awira.

Ntchito inatitengera milungu ingapo. Anaitanitsa mapadi olimba ochokera ku Joni, omwe amagwira bwino akatentha. Anapita kotayira magalimoto n'kukapeza madisiki okulirapo a galimoto ina, nawasema mpaka anakwana. Anaboola kutsogolo kwa kagalimotoko malo awiri n'kuikapo mapaipi okhuthala ngati mkono, kuti mphepo izithamangira kumatayala n'kumaziziritsa. Timapaipi ta mphira tomwe tinali titakalamba n'kumafufuma munthu akaponda anatichotsa tonse. Ine ndinkagwira tochi ndi kupereka sipanala, ndipo ndivomere kuti manja a munthu uja ankadziwa ntchito. Chinatsala ndi mafuta a mabuleki, ndipo pamafuta pomwepo ndi pomwe panali mkangano wathu.

Alamu ankati chitini cha mafutawa chikatsegulidwa, otsala ake ndi otaya. Ankati mafuta amenewa amamwa chinyontho cha mumpweya monga umachitira mchere m'dzinja, ndipo pa mpikisano madziwo amawira n'kusanduka nthunzi, phazi n'kumaponda nthunzi m'malo mwa mafuta.

"Alamu, mwakalamba," ndinkatero ine. "Mafuta ndi madzi zinayamba liti kugwirizana? Azungu akupusitsani kuti muzigula zitini."

"Inu bwererani kukachewere wanu, zimenezi si za mutu wanu."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa momwe iwo ankaganizira. Komanso mtima wanga sunkalola kutaya chinthu. Kwathu chitini chimasanduka koloboyi, thumba la feteleza limasanduka chitseko, nanga mafuta oyera mbee, odula chotero, n'kumawakhuthulira m'ngalande? Akandituma kukataya otsala, ndinkawasefa pa kansalu n'kuwathira m'chitini chakale cha mtundu womwewo, cha chivindikiro chosagwira bwino, chomwe ndinachibisa kuseri kwa matayala pomwe denga linkadontha. Chinakhala pamenepo dzinja lonse mpaka chinadzaza. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, koma ine ndinkadziona ngati wochenjera pagalaja yonse.

Lachisanu masana, mawa lake kuli mpikisano waukulu, tinayamba kulowetsa mafuta atsopano ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi. Bwana anali atagula zitini ziwiri zomata. Alamu anagona pansi pa galimoto akutsegula kabauti ka patayala lililonse, ine ndikuponda chopondera ndi kutsika kukawonjezera mafuta m'kabotolo ka pamwamba.

"Pondani! Gwirani pomwepo! Siyani!"

Tinamaliza matayala akumbuyo, chitini choyamba n'kutha. Alamu anafuula ali pansi pomwepo kuti nditsegule chachiwiri. Ndinachigwira m'manja chitini chomatacho, ndipo maganizo anandibwerera. Ndinachibweza pashelefu, n'kupita kuseri kwa matayala kukatenga changa. Sindinasokoneze, sindinaiwale. Ndinkafuna kuti bwana akapambana mawa, ndidzaike chitini chosatsegula patsogolo pa alamu n'kunena kuti, "Nanga mchere wanu uja uli kuti?" Mafuta anga onse analowa kumatayala akutsogolo, omwe amanyamula ntchito yaikulu yoimitsa galimoto. Alamu sakanaona kusiyana, chifukwa otuluka ankadutsa m'kapaipi kakuda n'kugwera m'botolo lakuda kale. Pomaliza anaponda okha, chopondera chili gwa, n'kundisisita paphewa.

Loweruka ife antchito tinaima kuseri kwa waya, pafupi ndi pothirira petulo. Kagalimoto kobiriwira kanachita zodabwitsa. Pamapeto pa msewu wowongoka, pomwe anzake ankayamba kuponda buleki, bwana ankapitirira pang'ono n'kuwadutsa mmodzimmodzi. Alamu ankangomwetulira atapinda manja, ine ndikukonza kale mawu odzawanyogodola nawo. Kenaka paulendo wina, dzuwa litatentha phula, kagalimotoko kanafika pakona paja osachepetsa liwiro. Ndinaona mutu wa bwana ukugwedezeka, akupondaponda. Kanawongoka n'kukadzimenya pamulu wa dothi ndi matayala akale, fumbi kuti kobo. Bwana anamutulutsa wamoyo, mwendo utathyoka pawiri ndi nthiti zingapo. Ine ndinakhala pansi pomwepo.

Lolemba m'mawa kagalimotoko kanali m'galaja, kutsogolo kutaphwanyika. Kuchipatala bwana anali atanena kuti chopondera chinamira mpaka pansi. Alamu analowa n'kuponda.

"Chalimba," anatero motsitsa mawu. "Palibe podontha. Ndiye kuti mafuta anawira, atazizira abwerera m'malo. Koma mafuta atsopano angawire bwanji?"

Anayenda kupita kushelefu. Anachipeza chitini chomata chili pomwe ndinachisiya. Anachitembenuza, anachigwedeza, n'kundiyang'ana.

"Alamu, munathira chiti?"

Ndinaloza chitini changa chopanda kanthu chomwe chinali m'mgolo wa zinyalala. Anachitola, anaona dzimbiri pachivindikiro, n'kugwira kumutu. Pamenepo ndi pomwe ndikananena zoona. Sindinatero. Ndipo iwo eni ake ndiwo anandipatsa pothawira.

"Zitinizi n'zofanana," anatero. "Inu kuwerenga Chingerezi simudziwa, munangotola chomwe chinali pafupi. Kulakwa n'kwanga, ndikanadzuka n'kudzaona ndekha."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Mpaka lero ndikakumbukira kugwedeza mutu kumeneko, nkhope imandiyaka.

Galaja inali m'manja mwa mng'ono wake wa bwana, munthu wosadziwa sipanala koma wodziwa kukalipa. Anatiimika tonse pamzere n'kufunsa yemwe anagwira mabuleki. Alamu anatuluka pamzerepo n'kunena kuti ndi iwo, ndipo palibe wina anakhudzako. Anawatukwana pamaso pathu, munthu wa imvi, n'kuwauza kuti atenge jekete lawo. Kalata yowachitira umboni anawakana, ndipo nkhani inayenda m'magalaja onse a m'tauni kuti makaniko wa ku Malawi anatsala pang'ono kupha bwana wake. Ine ndinali pamzere pomwepo, maso ali pa simenti.

Kuchipinda ndinayesa kutsegula pakamwa, iwo anandidula.

"Khalani chete. Ana anga anakula, inu muli ndi ana a mlongo wanga akadali kusukulu. Tikachotsedwa tonse, mbumba yanga idya chiyani? Munthu salangidwa chifukwa chosokoneza zitini."

Anayenda galaja ndi galaja kwa milungu ingapo, kulikonse akuwabweza pachipata. Pomaliza anamanga katundu. Sutikesi yawo ndinainyamula ine mpaka kudepoti ya basi, ndipo ali pawindo anandiuza kuti bedi andisiyira koma ndisaligwetse ndi kulemera kwanga. Anaseka, ine ndinalephera.

Chomvetsa manyazi kwambiri n'chakuti zinandiyendera. Bwana atabwerera akutsimphina, anakonzetsa kagalimoto kaja n'kupatsa mpongozi wake kuti aziyendetsa. Makaniko watsopano anali wodziwa injini koma mabuleki ankangoganizira. Tsiku lina woyendetsayo akudandaula, ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Chimalimba kapena chimamira?" Bwana ananditembenukira ngati waona mbuzi ikuyankhula. Kuyambira pamenepo mabuleki anakhala anga. Nzeru zonse zinali za alamu: mapadi olimba, mapaipi a mphepo, mafuta a m'chitini chomata asanapite kubwalo. Otsala ndinkakhuthula ndekha m'ngalande. Bwana ankandiyamikira pamaso pa anzake kuti uyu ndiye wosamala, osati uja woyamba. Ine ndinkati zikomo bwana.

Ndinakhalako zaka zina zambiri. Kumudzi ndinatumiza malata, wailesi, njinga ndi yunifolomu za ana. M'makalata Agata ankandilembera za mvula ndi za matenda a apongozi, koma za achimwene ake ankangoti alipo. Nkhondo ya m'tchire itakula ndipo misewu itayamba kuopsa, ndinabwerera. Pamalire anandimeta tsitsi n'kundigulitsa khadi lachipani ndisanaone n'komwe phiri la Dedza.

Kumudzi anandilandira ngati munthu wamkulu. Alamu ndinawapeza atatha, msana utapindika. Ankakonza njinga pansi pa bulugamu pamphambano ya ku Bembeke, ndipo anthu anali atawapatsa dzina lakuti a Sizigwira. Nkhani inali itafika kumudzi iwo asanafike, itavala ndi zovala zina: ena ankati anali ataledzera, ena ankati umakaniko wawo unali wa pakamwa. Iwo sanatsutsepo. Chomwe chinandidya kwambiri n'chakuti m'mbumba mwawo momwe mawu awo anali atapepuka. Pankhani ya malire a dimba kapena ya ukwati wa mdzukulu, anthu ankayang'ana kwa ine, mkamwini, mwini mbumba atakhala pomwepo.

Tsiku lina tinakhala pansi pa nkhani ya mwana wathu wamkazi Tereza, yemwe ankafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Mayani. Alamu anati tidikire, banja lakelo tilifufuze kaye. Agata anawayankha pamaso pa anthu onse.

"Achimwene, inu kufufuza mukanakudziwa bwenzi mutafufuza galimoto ya mzungu ija. Munatichititsa manyazi. Mwayi wake bambo a Tereza analipo kuti atipukute manyaziwo."

Anthu anaseka chamumtima. Alamu anangovala chipewa chawo n'kunena kuti chabwino, mwamva eni nzeru. Mawa lake m'mawa ndinapita kumphambano.

Ndinawapeza akudula tayala lakale kuti apange timphira ta buleki ya njinga.

"Abwana a ku Halale! Mwabwera wapansi? Galimoto mwaisiya kuti?"

Ndinakhala pamwala. Ndinawauza zonse, kuyambira kansalu kosefera, chitini kuseri kwa matayala, mpaka momwe ndinabwezera chomata pashelefu. Mpeni unaima m'manja mwawo.

"Ndiye simunasokoneze?"

"Ayi, alamu."

"Munkadziwa kuti ndi akale?"

"Ndinawasefa ndekha."

"Chifukwa chiyani?"

Yankho lake linali laling'ono moti linandichititsa manyazi kuposa mlandu weniweniwo. Ndinati ndinkafuna ndidzakuonetseni kuti munanama za mchere uja. Ndinkafuna ndikugonjetseni kamodzi kokha.

Anaika mpeni pansi. Panadutsa amayi awiri atasenza madengu a kabichi, anawapatsa moni n'kupitirira. Kenaka anayankhula osandiyang'ana.

"Zaka zonsezi anthu akandiseka, ine mumtima ndimati aziseka, ndinanyamulira mlamu wanga wosadziwa kuwerenga chitini. Chimenecho ndiye chinali chuma changa. Lero mwabwera kudzatenga ndi chomwecho."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona. Sanandidzutse.

"Kwa ine musagwade, sizikonza kanthu. Pitani mukamuuze mlongo wanga. Mukamuuze nokha, lero lomwe, monga mwandiuzira ine."

Agata ndinamupeza kumunda akukumba kachewere. Ndinamuuza nditaima pamzere, iye atatsamira khasu. Sanalire, sanakalipe. Anandifunsa ngati ndinalipo tsiku lomwe achimwene ake ankatukwanidwa, ndinati ndinalipo. Anandifunsa ngati dzulo ndinamva zomwe iye anawanena pamaso pa anthu, ndinati ndinamva.

"Ndiye munandisiya ndilavulire achimwene anga, inu muli phee?"

Anaponya khasu pansi, n'kuyamba ulendo wa kumphambano, dothi lili m'manja. Sindinamutsatire. Dzuwa litapendeka anabwera nawo, iye atanyamula bokosi lawo la zitsulo pamutu. Anawayalira mphasa yatsopano pakhonde pathu, anagwada powapatsa madzi, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Tereza, kaitaneni onse amene analipo dzulo. Musasiye ndi mmodzi yemwe. Mudzanene ndi pakamwa panu."

Ndinayamba ndi nyumba ya apongozi, ndipo ndinapita khomo ndi khomo.